Mmene Ndinathawira ndi Nkhukundembo ya Eni Ake

"Amalume! Bwezani nkhukundemboyo, mukundichititsa manyazi!"

Amene ankakuwa choncho anali Tadala, mwana wa mlongo wanga, ataima pakhonde pa nyumba ya azungu ku Markham. Ine ndinali pakati pa bwalo, suti yanga yakuda itanyowa ndi msuzi kuyambira pa tayi mpaka m'mawondo. M'manja ndinali nditanyamula chithireyi chotentha, ndipo m'chithireyimo munali chimbalame chowotcha, kukula kwake ngati mwana wa mbuzi. Galu wa pakhomopo ankandizungulira akunyambita nsapato zanga. Anthu a nyumba zoyandikana anali atatsegula kale makatani.

"Sindibweza!" ndinayankha. "Mbalame iyi sidyedwa ine ndili moyo!"

Musanayambe kuseka, ndimvereni kaye. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munaimva kale nkhaniyi kutchalitchi, koma munaimva yopotozedwa. Ena akuti ndinaledzera (sindinalawe ngakhale madzi m'nyumba imeneyo), ena akuti inali njala. Mabodza okhaokha. Lero mumve kwa mwini wake.

Ine ndimakhala ku Hamilton kuno ku Canada, ndimayendetsa chigalimoto chonyamula katundu mu weyahausi ina, chinyumba chosungiramo katundu. Tadala anabwera kuno kudzaphunzira pa koleji ina ku North York. Kwathu ku Dedza simufunika kuuzidwa kuti mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako. Akadwala ndi iwe, akalakwa ndi iwe, akamadzakwatiwa nkhoswe wake ndi iwe. Tsiku limene ankakwera ndege mlongo wanga anandiimbira foni n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayo ndamuika m'manja mwanu. Akasochera ndidzafunsa inu." Ndinavomera. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Chaka choyamba zonse zinkayenda bwino. Tchuthi chikangofika mwana ankakwera sitima kubwera kwathu, monga mwana woleredwa.

Tsono kuno mwezi wa Okutobala, masamba akayamba kufiira ndi kuyoyoka, ana a m'makoleji amapatsidwa sabata yopuma (akuti ndi yowerengera, koma ine sindinaonepo ngakhale mmodzi atagwira buku). Sabata imeneyi imakumana ndi tsiku lija amati Thanksgiving, tsiku lothokoza. Ana a kuno amapita kwa makolo awo. Ana ochokera kunja amatsala m'mahositelo akuyang'ana khoma, kapena amasonkhana n'kukwera basi kukaona mathithi ndi mitengo yofiira, ngati kwawo kulibe mitengo. Wathuyu analibe chifukwa chosowera kolowera. Ali ndi malume.

Ndinene poyera kuti zaka zonse ndakhala kuno, Thanksgiving ndinali ndisanaidyepo m'nyumba ya mzungu. Tsikulo ndimakhala pa shifiti, apo ayi timakumana Amalawi ndi Azambia m'chipinda chapansi pa tchalitchi, kuwotcha mbuzi ndi kukangana za mpira. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti palibe amene anandiphunzitsa.

Lachisanu lake foni inalira. Mlongo wanga, ali ku Dedza uko.

"Achimwene, mwachiona chithunzi ndakutumiziranicho?"

Nditsegule, ndi Tadala ali m'munda wa maungu ndi chimnyamata chachizungu chachitali ngati mlongoti. Anyamula dzungu limodzi anthu awiri, onse mano pamtunda.

"Dzungu limodzi anthu awiri?" anatero mlongo wanga. "Likulemera bwanji dzungulo? Ndamufunsa, akuti Lamulungu waitanidwa kwa makolo ake a mnyamatayo kukadya. Mwana akukaonekera kwa apongozi inu muli pomwepo? Kapena chisanu chinakuumitsani mutu?"

Magazi anandiwira. Nthawi yomweyo ndinamuimbira mwanayo.

"Iwe, sabata ino ukubwera liti?"

"Amalume, ulendo uno sindibwera. Ndaitanidwa ku Markham, kwa makolo ake a Connor."

"Connor ndiye chiyani?"

"Mnzanga wa m'kalasi."

"Wa dzungu uja?"

Anaseka. Kundiseka ine. "Amalume, ndi chakudya chabe. Mwinanso bwerani. Mayi ake ananena kuti ngati ndili ndi wachibale kuno abwere, malo alipo."

Mwamva? Afuna wachibale. Anthu amene sindikuwadziwa aitana mtsikana kwa makolo a mnyamata pa tsiku la phwando, kenako akuti abwere ndi wachibale. Inu mukanaganiza chiyani? Kwathu munthu akafuna mbeta amatuma amalume ake kuti adzagogode pakhomo panga, adzakhale pansi, adzanene chimene abwerera. Awa ankaitana nkhoswe kudzera mwa mwana, ngati akuitanitsa pitsa.

Mkazi wanga, amake Mphatso, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye amadziyesa wodziwa azungu onse a mu Canada muno.

"Bambo a Mphatso, ndi chakudya chabe," anatero akusita yunifolomu. "Anzanga a kuntchito amaitana aliyense, ngakhale woyendetsa basi. Kafunseni kaye. Safunsa anadya phula."

"Inu za unkhoswe mukudziwapo chiyani?"

"Ndikudziwa kuti pa chinkhoswe chathu munatsala pang'ono kumenyana ndi wojambula zithunzi."

(Wojambula uja anandiponda dala. Koma imeneyo ndi nkhani ina.)

Lamulungu iwo anapita ku shifiti. Ine ndinavala suti ija ndimavala ku maliro ndi ku maukwati, ndinamanga tayi, ndinapolisha nsapato. Chakudya sindinadye, mkwiyo unali utadzadza m'mimba. Msewu wonse wa ku Markham ndinkakonza mawu m'Chingerezi, chifukwa kukalipa m'chilankhulo cha eni ake kumafuna kukonzekera. Ukafika pakati mawu akakuthera, umangooneka ngati ukutsamwa.

Nyumba ndinaipeza. Pakhonde anali ataunjika maungu ndi mapesi a chimanga, ndipo pa mpando panali patakhala mafupa a munthu apulasitiki atavala chipewa, akuti akukonzekera tsiku lawo lina lija la mizukwa. Ndinati mumtima, taonani banja limene likufuna kutenga mbumba yanga, lokhala ndi maliro pakhonde.

Chitseko anatsegula ndi mlongoti uja mwini wake. Anandipatsa dzanja limodzi, linalo lili m'thumba, n'kunena m'Chichewa chophotchoka: "Moni amalume, muli bwanji?"

Ndinangomuyang'ana. Amalume! Ndani amalimbana ndi chilankhulo cha mtsikana popanda cholinga? Ine ndakhala ndi azungu mu weyahausi zaka zambirimbiri, palibe ngakhale mmodzi amene anaphunzira kunena zikomo.

"Tadala ali kuti?" ndinafunsa.

Anali m'khitchini. Atamanga epuloni, akusinja mbatatesi limodzi ndi mayi ake a mnyamatayo, mayi Linda, akuseka mpaka kugwira m'mimba. Kwathu mtsikana akalowa m'khitchini ya mayi a mnyamata n'kumanga epuloni, ndiye kuti nkhani inapita kale patali. Chinandinyansanso n'chakuti kunyumba kwanga akamaphika saseka choncho.

"Amalume mwabwera!" anatero. Kenako anaona suti ija, nkhope yake inasintha. "Mwavaliranji chonchi?"

"Ndavala monga mwa ntchito imene ndabwerera."

Asanayankhe, anatulukira bambo wa pakhomopo, a Gordon, mkulu wa chimimba ndi ndevu zoyera. Anandikokera ku galaja kukandionetsa bwato lawo lowedzera nsomba, n'kunditsegulira botolo la mowa. Ndinakana. Nkhoswe sumwa kanthu nkhani isanakambidwe, ukangomeza wagulidwa. Mkuluyo sanakhumudwe, anamwa yekha mabotolo onse awiri, kenako anandigwira paphewa n'kunena m'Chingerezi kuti, "Tadala ife timamutenga ngati mwana wathu. Ndi wa m'banja muno tsopano."

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

Anaseka kwambiri n'kundimenya pamsana, akuti ndine woseketsa. Ine sindinkaseka.

Pabalaza panali ana ena a pa koleji pomwepo amene anabwera kudzagona konko masiku a tchuthiwo: mtsikana wa ku Brazil dzina lake Camila, ena awiri a ku India, ndi mnyamata wa ku Nigeria. Ndinati, eya, asonkhanitsa ndi mboni zomwe. Wa ku Nigeriayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Bwana, mwatchena zedi. Kuli ukwati?"

"Waona," ndinatero, "ngakhale iwe ukudziwa."

Tinakhala pa tebulo dzuwa likupendeka. Anati tigwirane manja tipemphere. Ndinatsegula diso limodzi ndipo ndinaona mnyamata uja atagwira dzanja la Tadala. (Inde, aliyense anali atagwira dzanja la mnzake, inenso ndinali nditagwira la a Gordon, lonyowa ngati nsomba. Koma panthawiyo zimenezo sindinaziwerengere.)

Pemphero litatha mayi Linda anati mwambo wa tsikuli ndi wakuti aliyense anene chimene akuthokoza. Ndinati tsopano mlandu wayamba. Ana a ku India anathokoza chakudya. Wa ku Nigeria anathokoza jekete limene a Gordon anamubwereka. Itafika nthawi ya Connor, anatembenukira kwa mbumba yanga.

"Ine ndikuthokoza Tadala," anatero. "Popanda iye masamu akanandigwetsa. Sindikudziwa ndikanakhala kuti lero."

Mayi ake anapukuta misozi. Misozi, anthuni! Chifukwa cha masamu? Ine ndinafika folomu folo, masamu anandigwetsa ndithu, koma mayi anga sanalire.

Tadala anati akuthokoza chifukwa wapeza nyumba yopumulirako. Mawu amenewo anandidutsa, chifukwa ndinali busy kukonza anga.

Pepani, ndinali wotanganidwa kukonza anga. Itafika nthawi yanga ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete, n'kuyang'ana a Gordon m'maso.

"Mtsikana uyu sanagwe kumwamba," ndinatero m'Chingerezi changa chokonzekera chija. "Ali ndi mayi ake. Ali ndi mudzi wake. Ali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndine. Aliyense wofuna kanthu pa iye adzere kwa ine, masana, pakhomo lakumaso."

Mukudziwa chimene anachita? Anaomba m'manja. Mayi Linda anati mawu okoma ngati amenewo sanawamvepo, n'kupukutanso misozi. Ine ndikuwachenjeza, iwo akundiombera m'manja! Tadala yekha ndiye anamva. Anandinong'oneza mano atalumana: "Amalume, khalani pansi, chonde."

Tsopano apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene pagona mlandu wanga wonse. Inu nonse mukudziwa mmene chinkhoswe chimathera. Zokamba zikatha amabweretsa nkhuku yowotcha. Nkhoswe wa kuchimuna agwira mbali iyi, wa kuchikazi agwira mbali inayo, akhadzula, adya pamaso pa anthu. Ikangolowa m'kamwa basi, banja lamangika, mawa sungadzuke n'kumati ine sindikudziwapo kanthu. Ine ndaimirirapo zinkhoswe zingapo, ndimadziwa kulemera kwa mwendo wa nkhuku.

Ndiye a Gordon anapita kukhitchini n'kubwera ndi chithireyi, m'menemo muli nkhukundembo yathunthu, yofiirira, ikutuluka nthunzi. Malo onse a pa tebulo lija, anadzaiika patsogolo panga. Ananola mpeni.

"M'nyumba muno," anatero, "mwendo woyamba ndi wa mlendo wamkulu. Inu gwirani mwendo uwo mukoke, ine ndigwira mbali ino."

Ana onse anakweza mafoni kuti ajambule.

Ndikufunseni inuyo amene mukuseka. Zokamba zatha. Mnyamata wanena poyera kuti sangakhale popanda mtsikana. Mayi alira. Mboni zilipo. Bambo wa kuchimuna wagwira mbali imodzi ya mbalame ndipo akundiuza ine, nkhoswe wa kuchikazi, kuti ndigwire inayo, makamera ali m'mwamba. Kwatsala chiyani? Ndinaona chithunzi chimenecho chikufika ku Dedza, mlongo wanga akuchionetsa mudzi wonse kuti taonani achimwene anagulitsa mwana ndi mwendo wa nkhuku ya chizungu.

Kukana kokha sikukanakwanira, chifukwa ndikanakana ine akanapatsa wina. Mbalameyo inayenera kuchoka m'nyumbamo. Ndinatola tinsalu tija a Gordon ananyamulira thireyi, ndinakumbatira chinthu chonsecho, mpando unagwa chagada, ine ulendo wa panja. Msuzi wotentha unandikhuthukira pamimba koma sindinaime. Galu pambuyo, Tadala pambuyo pa galu, nyumba yonse pambuyo pa Tadala.

Ndi mmene tinapezekera pabwalo paja tikukalipirana m'Chichewa, azungu akungotembenuza mitu ngati akuonera mpira.

"Mukupita nayo kuti?" anakuwa Tadala.

"Ukundiyesa chitsiru iwe? Chinkhoswe chakuba ine sindidya!"

"Chinkhoswe cha ndani?"

"Chako ndi mlongoti uyo!"

Mwana anangoti kukamwa yasa. Kenako anaphimba nkhope ndi manja onse awiri. Connor anamufunsa kuti chavuta n'chiyani, ndipo iye anafotokoza m'Chingerezi nkhope ili chiphimbire, za nkhuku, za ankhoswe, zonse. Mnyamatayo anafiira ngati tomato. Amene anayamba kuseka anali Camila, mtsikana wa ku Brazil uja, ndipo apo m'pamene ndinaona kuti dzanja lake linali m'chiuno mwa Connor. Akuti linali momwemo kuyambira masana. Akuti ndi chibwenzi chake cha kalekale, ndipo chithunzi cha dzungu chija anajambula ndi iyeyo. Ine sindinaone chifukwa maso anga anali pa mbalame.

A Gordon anayandikira manja ali m'mwamba ngati akuyankhula ndi munthu wa mfuti. Anati iwo chaka chilichonse amaitana ana a sukulu ochokera kunja, chifukwa mayi Linda nawonso anabwera m'dziko muno ngati mwana wa sukulu, ndipo Thanksgiving yawo yoyamba anaidya okha m'hositelo ndi buledi wouma. Anati za mwendozo n'zongolemekeza mlendo basi.

Ndinamva. Ndinamvetsa ndithu. Koma munthu ukafika pamene ndinafika ine, manja akupsa, anthu akukuyang'ana m'mawindo, mkwiyo umafuna pena poti utere. Ndinatembenukira kwa Tadala.

"Nanga ngati n'choncho, bwanji sunabwere kwathu? Ulibe kwanu iwe, kuti uzikadya kwa anthu ngati mwana wamasiye?"

Anachotsa manja kumaso. Sindinamuonepo akundiyang'ana choncho.

"Mukufuna ndinene pompano?"

"Nena!"

"Kwanu ndikafika, chikwama chisanatere pansi mwandipatsa kale tsache. Mbale ndine, kuchapa ndine, homuweki ya Mphatso ndine. Ndikangoti ndikhale pansi mwayamba mlandu: waimba ndani, ukuseka ndi ndani, magiredi ali kuti. Ndi tchuthi chanji chimenecho, amalume? Ndimabwerera kusukulu nditatopa kuposa mmene ndinachokera. Kuno mbatatesi ndasinja chifukwa ndafuna ndekha, ndipo andithokoza. Inu munayamba mwandithokozapo?"

"Usandiyankhule choncho pamaso pa anthu!"

"Sakumva. Koma inu mukumva. Mukachoka nayo mbalameyo, kwanu sindidzapondako. Ngakhale pa Khirisimasi."

Munthu wanzeru akanabwerera, n'kukaika thireyi pa tebulo, n'kupepesa. Ndikudziwa. Simukuyenera kundiuza, amake Mphatso anandiuza kale mokwanira. Koma kubwerera nayo mbalameyo pa nthawi imeneyo kunali kuvomera pamaso pa msewu wonse kuti ndine chitsiru, ndiponso kuti mwana wandilamula. Ndinatsegula galimoto, ndinakhazika thireyi pa mpando wakutsogolo, ndinaimanga lamba (inde, lamba, mumafuna igwe?), n'kuliza injini. Pagalasi ndinaona Tadala atakhala pansi pakhonde pafupi ndi mafupa aja, mayi Linda atamugwira paphewa.

Pamsewu waukulu magalimoto anali atathinana, kuyenda ngati nkhono. Galimoto yonse inali fungo la nyama, ndipo ine chidzukireni ndinali ndisanaike kanthu m'kamwa. Ndinalimbana nazo mpaka pafupi ndi theka la ulendo. Kenako ndinatambasula dzanja, ndinakhadzula mwendo, ndinadya. Ndipo ndikuuzeni, phokoso lonse lija, nyama yake youma ngati thabwa, yopanda ngakhale tsabola. Nkhuku yathu ya lokolo ingaichititse manyazi.

Ndinapeza amake Mphatso atangofika kumene kuchokera kuntchito. Anayang'ana suti, anayang'ana thireyi, anayang'ana ine. Ndinafotokoza mwachidule, kusiya zina ndi zina. Sanaseke. Anangoweramira mbalame ija ngati nesi woona bala.

"Mwendo wina uli kuti?"

"Ndadya."

"Mwadya?"

"Ndinali ndi njala."

"Ndiye kuti chinkhoswecho mwamanga nokha m'galimoto. Mwakwatitsa ndani, siteringi?"

Apo m'pamene anayamba kuseka, mpaka kukhala pansi pa khitchini. Mwana wathu Mphatso, amene Chichewa chake n'cha moni basi, anatuluka kuchipinda foni ili m'manja n'kufunsa m'Chingerezi ngati n'zoona kuti adadi aba nkhukundembo. Nkhani inali itandipitirira kale panjira.

Kenako foni yanga. Mlongo wanga uja, amene anayatsa moto wonsewu.

"Achimwene, mwapenga? Mwana wandiimbira akulira! Ine ndinati mukafufuze, sindinati mukabe!"

"Si iwe unati chisanu chandiumitsa mutu?"

"Ndiye mwatsimikiza! Akuti kwanu sadzabweranso. Mwana wanga m'dziko la eni ali ndi m'bale mmodzi yekha, ndipo m'baleyo mwamuthawitsa ndi nkhuku. Mukonze zimenezi, apo ayi unkhoswe wake ndipatsa wina."

Anadula foni. Ine amene ndinayenda ulendo wonsewo, ndinapsa pamimba, ndinawononga suti, ndiye wolakwa. Wotuma ali phee ku Dedza.

Koma chimene chinandidya kwambiri si kuseka kwa mkazi wanga kapena kukalipa kwa mlongo wanga. Linali funso lija la mwana. Ndinafufuza m'mutu tsiku limodzi lokha limene ndinamuuza Tadala kuti zikomo, kuti ndikamutsutse nalo. Ndinafufuza ngati munthu wotaya kiyi. Sindinalipeze, ndipo ndinakwiya kwambiri chifukwa sindinalipeze.

Kutacha linali Lolemba, holide yeniyeniyo, masitolo onse otseka, kogula nkhukundembo ina kunalibe. Ndinatsegula fuliji n'kutulutsa nkhuku ya lokolo imene amake Mphatso ankasungira alendo, chifukwa kwathu munthu ukalakwa supita kukapepesa chimanjamanja. Anandilanda m'manja.

"Nkhuku ayi! Mukufuna mukayambitsenso zina?"

Choncho ndinabwerera ku Markham ndi mbalame yomwe ija, yozizira, ya mwendo umodzi, itakutidwa bwinobwino. A Gordon anatsegula chitseko ali m'zovala zogonera, ndipo atandiona anaseka mpaka kutsokomola. Akuti anadya mbatatesi ndi maungu n'kuitanitsa pitsa, ndipo Thanksgiving yosangalatsa ngati imeneyi sanakhale nayopo, adzaisimba mpaka kufa. Zimenezo zinandikwiyitsanso, koma ndinameza. Ndinapepesa kwa iwo, kwa mayi Linda, ngakhale kwa mlongoti uja. Kupepesa m'Chingerezi n'kosavuta, kumangotuluka ngati chifuwa, sikukhudza mtima.

Vuto linali Tadala. Anali atakhala pa tebulo la m'khitchini akumwa tiyi ndi anzake aja, osandiyang'ana n'komwe. Kumbuyo kwake sinki inali itadzadza mpaka pamwamba: mapoto, mbale, makapu, zonse za dzulo lake. Mayi Linda anati ndisaone zimenezo, aziika m'makina otsukira.

"Amalume atsuka," anatero Tadala m'Chichewa, maso ali m'kapu. "Pamanja."

"Iwe, ukudziwa kuti ukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi wakuba nkhukundembo."

Ndinayang'ana chitseko. Chinali pafupi. Ndinayang'ana mwana wa mlongo wanga, maso ake otupa. Ndinavula jekete, ndinapinda malaya. Mayi Linda anandimanga epuloni ya maluwa, ine bambo wa imvi zanga, mwini mbumba.

Ndinatsuka. Anthu amenewa amaphikira mphika wina pa kanthu kalikonse, ndipo zonse amazipsereza pansi. Ndinakwecha mpaka zala kuchita makwinya, ndikutukwana chamumtima aliyense amene anayambitsa tsiku lothokozali. Nditafika pakati ndinamva mpando ukukokedwa. Tadala anabwera ndi kansalu, anaima pambali panga, n'kuyamba kupukuta. Anatenga mphika wina, anauyang'ana pa kuwala, anaubweza m'madzi.

"Uli ndi mafuta uwu."

Ndinautsukanso. Kenako, maso ali m'sinki, ndinati, "Zikomo. Pa mbale zonse zija za kwathu."

"Sindinamve."

"Wamva. Usandipute."

Anapukuta mbale ina, ndi inanso. "Pa Khirisimasi ndibwera," anatero. "Koma tsache mugwira ndinu. Ndipo foni yanga ikalira simufunsa."

"Tsache ndamva. Za foni tidzakambirana."

Mpaka lero ndimanenabe kuti a Gordon nawonso anali ndi mbali yawo. Munthu wamkulu sungauze mlendo wovala suti kuti gwira mwendo wa nkhuku usanamufunse kuti kwanu zimatanthauza chiyani. Koma chabwino, ndinalakwa ndine, lembani choncho.

Ndinatsuka mpaka mphika womaliza, ndinakolopanso ndi pansi pomwe. Potuluka ndinamukodolera pambali mnyamata wa ku Nigeria uja, amene ndinamuona ndi maso angawa akumuthirira Tadala tiyi kawiri konse osapemphedwa, ndipo ndinamufunsa dzina la amalume ake.